Mwana wanga sakuchoka ku vidiyo sho, bambo ake akuti ndi Khirisimasi

"Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagulitsa kaunjika. Chitsekereni sukulu, mwana wanga wamwamuna wa zaka 13 sakukhazikika pakhomo. Tsiku lililonse amapempha K500, akuti ya kanema. Akachoka masana amabwera kutada, nthawi zina cha m'ma 9 koloko. Tsopano mlongo wake wa zaka 10 wayamba kulirira kuti azipita naye. Bambo awo akuti ndiwasiye, ndi Khirisimasi, ana asangalale, ndipo alonjeza kuti adzatitenga tonse kukaonera kanema weniweni m'tauni. Koma ine mtima uli pa fizi ya wamkulu, yemwe ali Fomu 3 pasukulu ya pulaiveti. Kodi ndiwaletse? Kapena ndine mayi wovuta?"

Mayi, zikomo potilembera. Khazikani mtima pansi, simuli mayi wovuta, ndipo mwana wanu sanalowerere ayi. Mnyamata wa zaka 13 wokonda kanema ndi mnyamata wabwinobwino. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa komanso kulangiza makolo m'matauni mwathumu, dandaulo ngati lanuli limabwera Disembala aliyense, ndipo kawirikawiri limatha bwino makolo akalowererapo msanga. Koma m'kalata yanu muli chinthu chimodzi chomwe sindingachilambalale, ndicho 9 koloko ija. Ndalama tikambirana, kanema wa m'tauni tikambirana, koma nthawi yobwerera kunyumbayo ndiye pagona nkhani.

Tiyambe ndi chomwe chimamukokera kumeneko. Disembala ndi mwezi womwe inu ogulitsa kaunjika mumatanganidwa kuposa miyezi yonse, chifukwa aliyense akufuna kumuveka mwana chatsopano pa 25. Mumachoka m'mamawa, mumabwera dzuwa litalowa. Mwana watsekera sukulu, nyumba ndi yaing'ono, bwalo lomwe amasewererapo mpira lasanduka matope, magetsi akuzimazima. Ku vidiyo sho kuli denga, kuli jenereta, kuli anzake onse, ndipo mawa lake nkhani pagulu imakhala ya filimu ya dzulo. Amene sanaonere alibe choyankhula. Mukamuletsa popanda kumupatsa kwina kopita, mwamulanda anzake, ndipo mwana wa msinkhu umenewo amalolera kukwapulidwa kusiyana ndi kutsalira pagulu.

Ife achikulire tisamanamizire kuti sitinkakonda kanema. Dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999, koma galimoto ya boma ikabwera kudzaonetsa kanema pabwalo la sukulu, mudzi wonse unkakhamukira komweko, ena atanyamula mipando pamutu. Kusiyana kwake n'kwakuti pabwalo paja pankakhala agogo, aphunzitsi, amfumu. Mwana ankaonera ali pakati pa anthu omudziwa. Lero amalowa yekha m'chipinda cha mdima momwe wamkulu amene alimo ndi wotolera ndalama pakhomo basi.

Ngati simunalowepo mu vidiyo sho, ndikufotokozereni mwachidule. Pakhomo pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko, mayina a mafilimu ndi nthawi zake, pambali pake sipika yolozetsa kumsewu kuti odutsa amve mfuti ndi zibakera. Mukakankha chinsalu chakuda cha pakhomo mumapeza mabenchi a matabwa, mawindo otsekedwa ndi makatoni kuti osalipira asasuzumire, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha, ana aang'ono kutsogolo pansi penipeni pa TV, akuluakulu kumbuyo. M'mawa ndi masana amaika mafilimu a nkhondo ndi a karate omasuliridwa m'Chichewa, kapena a ku Nigeria. Madzulo kumakhala mpira. Usiku ukamapita anthu amasintha, amalowa ochokera kumowa, ndipo m'malo ena, sindikuti onse, filimu nayo imasintha n'kukhala yolaula. Eni ake ambiri ndi anthu abwino ofuna ya ndiwo ngati inu ndi ine. Koma chipinda chomwechija cha 2 koloko masana si chomwechonso cha 8 koloko usiku, ndipo mwana wanu akumakhalamo nthawi zonse ziwiri.

Malamulo alipo. Lamulo loyang'anira zoonetsa ndi zisangalalo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo limafuna kuti malo oonetsera kanema kwa anthu akhale ndi chilolezo. Kuonetsa mwana zolaula ndi mlandu, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Koma tisanamizane, oyendera malowa sangafike kakhwalala kalikonse ka Ndirande usiku uliwonse. Woyendera weniweni ndinu.

Choncho chinthu choyamba, musanaletse kapena kulola, pitani mukaone. Ndingakonde atapita bambo ake, popeza iwo ndi amene akuti ana asiyidwe. Apite ndi mwanayo masana, alipire pakhomo, akhale pabenchi mpaka filimu ithe. Asapite ngati apolisi, apite ngati woonera. Ali mkatimo ayang'ane kuti khomo lotulukira ndi limodzi kapena awiri, mawaya a magetsi akulendewera bwanji, jenereta ili panja kapena yabisidwa mkati poopa mvula ndi akuba. Jenereta yoyaka m'chipinda chotsekedwa imatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru. Mwana akamabwera kuchokera ku kanema akudandaula mutu, musangoti ndi njala. Ayang'anenso kuti pafupi pali bawo kapena tebulo la pool la ndalama, pali shabini, pali chimbudzi. Akatuluka amupatse moni mwini wake, amuuze kuti uyu ndi wanga, ikakwana 5 koloko muzimutulutsa. Mudzadabwa mmene eni malo amasinthira akadziwa kuti mwana uyu ali ndi kholo lomwe limadziwa njira yobwerera kuno.

Ulendo umenewo udzakuyankhaninso funso la K500. Funsani mtengo wa pakhomo. Ngati ndi wocheperapo, yotsalayo ikupita kuti? Ikhoza kukhala ya tchipisi cha pachiwaya kapena filizesi, palibe vuto. Koma nyengo ino mpira wa ku England sumapuma, pa 26 Disembala pamakhala masewero, ndipo pomwe pali mpira pali kubetcha. Anyamata amasonkha timakobiri n'kutuma wamkulu kuti akawadulire tikiti, kapena amabwereka foni ya mnzawo. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha, koma njira amazipeza. Mukamapeza timapepala ta mayina a matimu m'matumba pochapa, kapena ayamba kudziwa matimu a mayiko omwe sangawaloze pamapu, khalani naye pansi tsiku lomwelo. Ine kubetcha ndimakuopa kuposa filimu ya karate, chifukwa filimu imatha pakatha maola awiri, pomwe wobetcha akaluza amafuna kubweza, ndipo ndalama yobwezera amakaitenga m'chikwama chanu cha kumsika.

Mukaona kuti malowo ndi abwinoko, ikani malire omveka ndipo bambo ake awanene ndi pakamwa pawo, inu muli pomwepo. Masiku atatu pa sabata ndi okwanira. Kanema wa masana yekha, ndipo dzuwa lisanalowe akhale ali pakhomo. Kukachita mdima wa mvula asachoke, chifukwa mtsinje wa Nasolo ndi ngalande za m'makwalala zimadzaza mofulumira ndipo mwana wothamangira kunyumba poopa kukalipiridwa amawoloka pomwe sayenera kuwoloka. Ndalama muzimupatsa ya sabata yonse Lolemba, ikatha yatha. K500 tsiku lililonse kwa masiku 20 ndi K10,000, mlongo wake akalowapo ndi K20,000, ndipo ndalama yotuluka pang'onopang'ono chonchi munthu suimva kupweteka mpaka utawerengera. Ngati n'kotheka, ndalamayo aigwirire ntchito. M'mawa akuthandizeni kunyamula belo, kuyala zovala, kuitanira makasitomala. Mnyamata wa zaka 13 amanyadira kupatsidwa udindo pamalonda a amayi ake, ngakhale sangavomere pamaso pa anzake.

Pali kachinthu kena kosavuta komwe ndimauza makolo onse. Pakudya nsima madzulo, mufunseni kuti akufotokozereni filimu ya lero. Musafunse ngati woweruza. Funsani ngati munthu wofuna kudziwa kuti bwana wa zigawenga uja anafa bwanji. Ana amakonda kufotokoza mafilimu, adzaimirira n'kumaonetsa ndi manja. Mmenemo mudzamva zomwe akuonera, mudzamvanso mawu omwe akutola. Anyamata omasulira mafilimu aja ali ndi luso, amaseketsa, ndipo achititsa kuti agogo osadziwa Chingerezi atsatire nkhani. Koma ena amathira mawu awoawo omwe m'filimumo mulibe, otukwana kapena onyoza amayi, ndipo ana amawabwereza osadziwa kulemera kwake. Tsiku lomwe adzati "palibe chomwe tinaonera" maso ali pansi, dziwani kuti aonera chomwe sangakuuzeni. Musamukwapule tsiku limenelo. Mukatero mwatseka pakamwa pake mpaka kalekale.

Za mtsikanayo ndinena mosapita m'mbali. Wa zaka 10 asapite ku vidiyo sho popanda munthu wamkulu, ndipo mlongo wake wa zaka 13 si munthu wamkulu. Filimu ikafika pokoma adzaiwala kuti anabwera ndi mwana. M'chipinda cha mdima chothithikana, munthu wa zolinga zoipa amayamba ndi kumulipirira mwana pakhomo, mawa kumugulira mandasi, mkuja kumuperekeza njira yachidule. Ambiri ochita zotere si alendo, ndi anthu omwe mwanayo amawatchula kuti ankolo. Koma musamuuze kuti iwe sungapite chifukwa ndiwe mtsikana, adzangoona kukondera. Muuzeni kuti ndi nkhani ya msinkhu, ndipo mumupezere chake. Wamkulu wa Fomu 3 uja akhoza kumutenga Loweruka masana, kapena akaonere kwa neba amene mumamukhulupirira. Ndipo zomwe ndanenazi muuzenso mnyamatayo, chifukwa anyamata nawo amachitidwa zachipongwe, kungoti amabisa kwambiri.

Ena adzakuuzani kuti mugulireni foni azionera pakhomo. Samalani nalo langizo limeneli. Malo obenera nyimbo ndi mafilimu amadzaza memori khadi ndi chilichonse chomwe wolipira wapempha, ndipo nthawi zina amaonjezera zomwe sanapemphe. Ku vidiyo sho mwana amaonera pagulu, pafoni amaonera atafunda bulangete.

Tsopano lonjezo la bambo. Ine ndili mbali yawo, musawagwetse ulesi. Bambo wofuna kutenga banja lake lonse kukasangalala limodzi pa Khirisimasi, m'malo mosowa pakhomo kuyambira pa 24 mpaka pa 2 Januwale, ndi wofunika kumulimbikitsa. Ndipo mwana amene waonapo kanema pachinsalu chachikulu, mawu akumveka mbali zonse, sadzaiwala. Chofunika n'chakuti lonjezolo likhale ndi tsiku ndi mtengo.

Nyumba zenizeni zoonetsera kanema m'dziko muno n'zochepa kwambiri, ndipo zakhala zikutsegulidwa ndi kutsekedwa. Musadalire zomwe wina anaona chaka chatha. Bambo afufuze kaye, aimbe foni kapena ayang'ane pa Facebook, adziwe ngati malowo akugwira ntchito, akuonetsa filimu yanji, nthawi yanji, tikiti ya mwana ndi ya wamkulu ndi zingati. Palibe chowawa ngati kuwasambitsa ana, kuwaveka zatsopano, kukwera minibasi ziwiri, n'kukapeza chitseko chokhoma. Nthawi zina mahotela, masukulu ndi mipingo amakonza zoonetsa kanema pa tchuthi, ndipo mtengo wake umakhala wofewerapo.

Powerengera, tikiti si ndalama yokhayo. Muli anthu asanu. Ikanipo thiransipoti yopita ndi yobwerera, podziwa kuti masiku a chikondwerero makondakitala amakweza mtengo mmene afunira, makamaka kukada kapena mvula ikayamba. Ikanipo mbuliwuli ndi zakumwa, zomwe m'malo oterewa zimadula kuposa kugolosale. Ndiye pali msampha wa mashopu. Mukadutsa ndi ana pa Chichiri nyengo ino, nyali zikuthwanima, zidole zili pawindo, mudzatuluka mutagula zomwe simunaganizire. Idyani nsima kunyumba musananyamuke, muwauze ana kuti aliyense agula chinthu chimodzi, ndipo ndalama yobwerera muisunge padera, inu mayi, osati m'thumba lomwe mukutuluka ya mbuliwuli. Ndikanakhala ine sindikanapita pa 25, pa 26 kapena pa 1 Januwale. Masiku amenewo anthu amachuluka, oledzera pamsewu amachuluka, apisamatumba nawo ali pantchito. Tsiku la pakati pa sabata, kanema wa masana, mumabwerera kukuwala.

Yang'anani chizindikiro cha msinkhu pa chithunzi cha filimuyo. PG akutanthauza kuti mwana aonere ali ndi kholo, ndipo manambala 13, 16 ndi 18 ndi zaka zoyambira. Sankhani potengera wamng'ono pa onse, osati wamkulu. Zizindikiro zomwezi zimaonekanso pa DStv ndi GOtv filimu ikamayamba, pamodzi ndi zilembo monga V ya zachiwawa, L ya mawu otukwana, S ndi N za zogonana ndi umaliseche, ndipo madikoda amenewa ali ndi nambala yachinsinsi yotsekera zosayenera ana, yomwe mabanja ambiri saigwiritsa ntchito. Muwakonzekeretsenso ana kuti kumeneko kulibe womasulira, filimu idzakhala m'Chingerezi chothamanga, ndipo anthu sakuwa kapena kuchemerera ngati ku vidiyo sho. Wamng'onoyo mumutengere juzi, mkati mumazizira, ndipo mukhale chakumphepete kuti akafuna kuchimbudzi musapondeponde anthu.

Zikapezeka kuti ndalama sizikukwana, bambo asachite manyazi kusintha. Madzulo amodzi kunyumba, mpunga ndi nkhuku, Sobo, mbuliwuli yokazinga nokha, TV yanu kapena yobwereka, ana a neba ataitanidwa, filimu yosankha ana eni ake. Mukhoza kupezanso mafilimu opangidwa ndi Amalawi anzathu, omwe ana amadabwa kuona misewu ndi misika yomwe amaidziwa. Chomwe chimawawa mwana si kusintha kwa pulani, koma lonjezo lomwe langozimiririka popanda wina kunenapo kanthu.

Pa fizi muli pa choonadi, ndipo musagonje. Teremu yachiwiri imayamba mu Januwale, mwezi womwe kaunjika sayenda chifukwa aliyense anavala kale ndipo matumba ali mbee. Mwezi womwewo chimanga chimakwera mtengo, ndipo kumudzi amaimba foni kuti chimanga chafika pothira feteleza wachiwiri. Ndalama yomwe mukuigwira mu Disembala si phindu lonse, mbali ina ndi mpamba wa belo lotsatira, mbali ina ndi chakudya cha Januwale ndi Febuluwale. Ngati sukulu ya mwana wanu imalola, kalipireni fizi panopa, ngakhale theka, mutenge risiti. Ndalama yomwe ili kale kusukulu palibe angaibwereke. Ngati muli mu banki m'khonde ndipo mukugawana mwezi uno, fizi ituluke tsiku logawanalo ndalama isanagone m'nyumba. Chotsala ndicho cha Khirisimasi, ndipo kanema alowe mmenemo. Katapila chifukwa cha chisangalalo ayi, ngakhale wobwereketsayo akhale wa mumpingo mwanu.

Pokamba ndi bambo, musayambe ndi mawu akuti tilibe ndalama, chifukwa abambo ambiri amawamva ngati mukuti alephera. Tengani kope usiku ana atagona, mulembe fizi, lendi, chimanga, makala, kenako muwafunse kuti ulendo wathu wa kanema uja tiuika tsiku liti ndipo tiupatsa zingati. Mukatero mwauvomera ulendowo, ndipo nawonso aona manambala ndi maso awo. Pomwepo muwapemphe za kukaona vidiyo sho ija.

Pali zizindikiro zomwe zikaoneka musadikire kuti sukulu itsegulidwe. Mwana akayamba kubwera ndi ndalama, foni kapena zovala zomwe simunamugulire. Akamamveka fungo la mowa kapena chamba, maso ofiira, kugona mpaka masana. Ndalama zikamasowa m'nyumba. Akagona kunja osanena. Akasintha mwadzidzidzi, wolongolola n'kukhala duu, kapena kuyamba kuopa munthu wina wake kapena njira ina yake, kapena wamng'ono kuyamba kuchita masewero a zogonana osagwirizana ndi msinkhu wake. Zikatero imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma lanu. Ngati mukuganiza kuti mwana wagwiriridwa, musayambe ndi kukambirana pachibale kapena kwa amfumu. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ku Queen Elizabeth kuli malo a Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira kumathandiza. Mukapeza kuti pali vidiyo sho yoonetsa ana zolaula, musakalimbane ndi mwini wake nokha. Uzani apolisi a m'dera ndi amfumu, makamaka muli makolo angapo.

Za thanzi ndingowonjezera pang'ono. Ino ndi nyengo ya kolera, ndipo mukukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Filizesi wa madzi osadziwika ndi zakudya zozizira za pakhomo pa vidiyo sho si zoti mwana azidya tsiku ndi tsiku. Akatsegula m'mimba mwamadzimadzi, mupatseni thanzi ORS ndipo pitani kuchipatala osadikira kuche. Mukaonanso kuti amakhala kutsogolo penipeni nthawi zonse, akutsinzinira kuti aone bwino, kamuyezetseni maso sukulu isanatsegulidwe, mwina ndi bolodi la m'kalasi salionanso.

Usiku wa pa 31 Disembala muukonzekere padera, chifukwa mavidiyo sho ambiri amachezera, makombola ali ponseponse, ndipo adzakuuzani kuti anzake onse aloledwa. Usiku umenewo lamulo la dzuwa lisanalowe lisasinthe. Ngati mukupita kutchalitchi kukachezera, mupite nawo onse atatu. Ngati mukhala pakhomo, muuzeni aitane anzake awiri kapena atatu adzaonere filimu kwanu, makolo awo atadziwa, ndipo agone pomwepo mpaka m'mawa.